Kwa Halima, Amene Akuti Alibe Diso

Nkhotakota,
Lachinayi masana.

Halima mwana wanga,

Asalamu alaikumu. Ndikulemba kalatayi ndili pakhonde pomwe ndimagwirira ntchito, iwe uli kuseri ndi amayi ako, mukusita zovala za paulendo. Mwina udabwa kuti ndikulembera bwanji munthu amene mawu ake ndikuwamva pazenera. Chifukwa chake n'chakuti ndikamalankhula nawe umandiyankha ndisanamalize, khalidwe limene unatengera kwa ine ndemwe. Pepala sungalidule mawu. Ukaiwerenge mawa m'basi, mukadutsa pa Benga, misozi ya amayi ako itauma paphewa lako.

Amayi ako andiuza zimene unawanong'oneza. Usawakwiyire, anazisunga masiku awiri athunthu, ndipo kwa iwowo imeneyo ndi nthawi yaitali. Akuti ku koleji ya zaumoyo ku Lilongwe ukupita kukangolawa. Akuti ukabwera pa tchuthi choyamba sudzabwererakonso, udzakagulitsa m'sitolo ya azakhali ako ku Dwangwa. Ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Tsiku lija mchimwene wako Yusufu anagwa panjinga, bambo wojambula ekisire kuchipatala anaika chithunzi cha mkono wake pazenera nati, "Iwe si ndiwe ukukaphunzira ntchito yathuyi? Taloza pamene fupa lang'aluka." Unayang'ana, sunaone kanthu koma utsi. Anakulozera ndi cholembera, sunaonebe. Kuchokera tsiku limenelo wakhala ukunena kuti ulibe diso.

Ine sindikangana ndi mantha a munthu, pakuti mantha samva zifukwa. Ndingokufunsa funso limodzi. Tsiku limenelo unali utaonapo zithunzi za mafupa zingati? Chimenecho chinali choyamba. Bambo uja wakhala akuziyang'ana tsiku ndi tsiku kuyambira iwe usanabadwe. Ukuyerekeza munthu amene waona chimodzi ndi munthu amene imvi zamumerera akuona zomwezo, kenako ukuti Mulungu anakumana diso. Mayeso otere ine sindingawavomere. Ndakhala ndikulemba zikwangwani zaka zoposa makumi awiri, ntchito yodyera diso, ndiye undilole ndikuuze momwe langali linaphunzirira. Silinabadwe lotere.

Chikwangwani changa choyamba ndinachilemba pakhoma la tiyirumu ya pa Benga pomwepo. Ndinali mnyamata wodzimva, nditakhala kwa a Fundi Juma miyezi itatu yokha. A Fundi Juma sunawaone, anamwalira uli wakhanda. Ndiwo ankalemba masitolo onse a m'tauni yakale, ndipo ndiwo anandiphunzitsa ntchito. Nditamaliza ndinatsika pamakwerero, ndinaima patali, mtima uli mbee. Iwo anafika, anatsamira njinga yawo pamtengo, nandiitana.

"Saidi, taima apa. Mzere uwu ukupita kuti?"

"Uli bwinobwino, a Fundi."

"Uli bwinobwino? Mzere uwu ukutsetsereka, ukupita kukasamba kunyanja. Wakumwa tiyi muno azipendeka khosi ngati nkhuku yoona mphamba."

Anthu anaseka. Ine ndinayang'ananso, ndipo ndikukuuza zoona, Halima, sindinaone cholakwika. Sikuti ndinkakana chifukwa cha manyazi ayi, maso anga ankaona mzere wowongoka. Anakoka chingwe kuchokera ku chilembo choyamba mpaka chomaliza, ndipo kumapetoko kunatsika zala zinayi. Zala zinayi, koma ine osaona. Ndinali ngati iweyo pazenera lija.

Sanandithamangitse. Anandipititsa kuseri kwa nyumba yawo, komwe kunali khoma la sitolo yakugwa, nandipatsa makala ndi chingwe chomangirira mwala kunsonga. M'mawa uliwonse ndinkalemba mizere khumi yoimirira, ndi dzanja lokha. Kenako ndinkabwerera m'mbuyo n'kunena mokweza za mzere uliwonse: uwu wagwera kumanja, uwu kumanzere, uwu waima. Ndikatha kunena m'pamene ankandilola kulendewetsa chingwe chija kuti mwala undiuze zoona. Ndikafuna kuyeza ndisananene ankandimenya padzanja ndi mpini wa bulashi, amvekere, "Nena kaye, yeza pambuyo. Ukayamba n'kuyeza, chingwe ndicho chiphunzire, iwe ukhala mbuli." Masabata oyamba ndinkalakwa theka, monga munthu wongolota. Mvula inabwera n'kupita. Pofika nthawi yokolola mpunga ndinkatha kuona mzere wautali ngati mkono wanga utapatuka pang'ono ngati kamtengo ka machesi. Sindikudziwa tsiku limene zinasintha. Ndinangozindikira kuti ndikamayenda m'tauni zitseko zambiri n'zopendekeka, mawindo a anthu olemera ndi okhota, chonsecho ndinali nditadutsa pomwepo moyo wanga wonse.

Patapita zaka ndinawerenga m'buku lina la ku laibulale kuti diso limangolandira kuwala, ndipo chimene chimaweruza kuti chinthu chili pati, chapendekera kuti, ndi ubongo. Zinagwirizana ndi zimene ndinaona pakhoma lija. Maso anga sanakule, sanasinthe mtundu, magalasi sindinavale. Chinasintha ndi chimene chili kumbuyo kwa maso. Ndiye ukafika kumeneko, chithunzi chilichonse chimene akuike patsogolo, usadikire kuti mphunzitsi aloze. Nena kaye, ngakhale chamumtima, kuti ine ndikuona apa. Ukalakwa walakwa, palibe amene amwalire ndi kulakwa kwa m'kalasi. Nena kaye, yeza pambuyo.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunabwera chifukwa cha kukhoza. Nditayamba kugwira ndekha, anthu akundiitana kuti a Fundi, dzina la ulemu la mmisiri, ndinasiya chingwe kunyumba. Ndinkati diso langa lakwana. Ndinagwira choncho zaka zitatu, kuyambira ku Mwadzama mpaka ku Dwangwa, popanda wondidzudzula. Tsiku lina, titangokwatirana kumene, amayi ako ankamanga mpango pagalasi lomwe tinakoloweka pakhonde, ndipo kumbuyo kwawo kunali chikwangwani cha butchala chomwe ndinachiimika kuti chiume. Anayang'ana m'galasimo nati, "Kodi zilembo zanuzi zikuthawa ndani?" Ndinawayankha mwaukali kuti za penti azisiyire eni ake. Iwo anati, "Chabwino, eni ake abwere adzaone." Ndinaima pamene anaima iwo. M'galasi zilembo zonse zinali zitaweramira mbali imodzi ngati mapesi a chimanga pamphepo. Dzanja langa linali litayamba kupendekera kumanja pang'onopang'ono, diso n'kumazolowera limodzi nalo, mpaka chopendekacho chinasanduka chowongoka kwa ine. Galasi linatembenuza zonse, ndiye chizolowezi changa chinasowa pobisala. Ndinakatenga chingwe, ndinayeza, ndinapepesa. Amayi ako nkhaniyi amaikamba mpaka lero kukabwera alendo, ndipo chaka chilichonse zilembozo zimanka zipendekerapendekera.

Phunzira pamenepa kuti kubwereza kokha sikuthandiza. Munthu akhoza kubwereza cholakwa zaka makumi atatu n'kumachitcha luso. Kubwereza kumanola diso pokhapokha pali chinthu chokuuza kuti apa waphonya. Kumeneko udzapeza aphunzitsi a mitundu iwiri, okoma mtima amene adzati wayesetsa, ndi ena ouma pakamwa amene adzati walakwa n'kukuonetsa pomwe walakwira. Oyambawo uziwapatsa moni mwaulemu. Achiwiriwo uziwatsata ngakhale akukutopetsa.

Tsopano ya boti la ku Ngala, imene uyenera kuimvetsa koposa zonse, chifukwa idzakuchitikira. Nthawi imeneyo ndinali nditagwira ntchito zaka khumi, palibe khoma limene likanandinamiza. A Chirwa, msodzi wa kumeneko, anakhometsa boti latsopano la matabwa ndipo anafuna dzina kutsogolo kwake, mbali zonse ziwiri. Ndinalipeza lili pamchenga, litakhazikidwa pamitengo. Ndinatulutsa levulo yoyezera kuwongoka, ndinalemba mzere wachoko wowongoka bwino, ndinapenta zilembo zoyera pabuluu. A Chirwa anazungulira kawiri nathokoza m'Chitonga chawo, amvekere, "Yewo, ada, mwagwira ntchito." M'mawa mwake analikankhira m'madzi. Anamangirira injini kumbuyo, analongeza chilimila, khoka lawo lalikulu lija, amuna asanu nakhala chakumbuyo komweko. Boti linakhala pansi kumbuyo, mutu unadzuka, ndipo dzina lokongola ndinalemba lija linayamba kukwera phiri. Gombe lonse linafa nako kuseka.

"A Fundi, dzinali likupita kumwamba kusiya eni ake!"

"Musiyeni, analembera mbalame kuti ziziwerenga!"

A Chirwa sanaseke. Anangoti, "Ada, boti silikhala pamchenga. Pamchenga limangogona."

Ndinali nditayeza bwinobwino, koma ndinayeza ndi nthaka, chonsecho boti limayendera madzi. Msodzi wina wachikulire anandikoka dzanja kupita pa boti lakale lomwe linali chafufumimba, nandionetsa mzere wa ndere m'mbali mwake. Anati madzi amalemba okha mzere wawo, wopenta azingoutsata. Ndinakhala ku Ngala sabata ziwiri. Boti likakhala pamtunda ndinkanena pomwe ndikuganiza kuti madzi afika likalemedwa, kenako ndinkadikira kuti alikankhe ndione. Poyamba ndinkaphonya ngati mwana. Zaka khumi za pakhoma sizinandithandize pathabwa lokhota. Ndinayambiranso pachiyambi, ngakhale kuti ulendo uno sizinatenge nthawi yaitali, popeza njira yophunzirira ndinali ndikuidziwa kale. Dzina la pa boti la a Chirwa ndinalifufuta n'kulembanso, ndipo maboti ambiri amene umaona ku Ngala ndi dzanja langa.

Ndikukuuza izi chifukwa tsiku lina udzazolowera mafupa a mkono, udzayamba kuona mng'alu usanafike n'pazenera pomwe, ndipo udzasangalala. Kenako adzakuikira chithunzi cha chifuwa, kapena cha mwana wakhanda, ndipo udzaonanso utsi. Tsiku limenelo udzafuna kunena kuti ndinanena ine, ndilibe diso. Usadzanene. Diso limaphunzira chinthu chimene waliphunzitsa, pamalo pamene waliphunzitsira, osati zonse nthawi imodzi. Ukadzaona utsi kachiwiri, dziwa kuti wafika pa boti. Yambiranso: nena kaye, yeza pambuyo.

China n'chaposachedwa, ukuchikumbuka. Nthawi ya chisankho chija cha matipate ntchito inachuluka kuposa kale lonse. Chipani chilichonse chinkafuna nsalu zolembedwa, ndipo ine ndinkalembera onse, achikasu, abuluu, obiriwira, pakuti bulashi ilibe khadi la chipani. Onse ankafuna zilembo zoweramira kutsogolo, akuti zimaoneka ngati zikuthamanga. Tsiku lina ndinalemba zoweramazo kuyambira m'mawa mpaka swala ya masana itadutsa, kenako ndinapita kukamaliza chikwangwani cha madrasa, chomwe zilembo zake ndinali nditazilemba kale ndi choko, zoimirira. Nditaziyang'ana ndinaona zonse zikugwera chagada. Ndinadzitukwana, ndinafufuta choko, ndinaziwongola monga diso linkandiuzira, ndinapenta. M'mawa ndikubwera ndinapeza kuti ndawononga ntchito yomwe inali bwino. Diso litayang'ana zopendekeka tsiku lonse linayamba kuona zowongoka ngati zapendekera mbali inayo. Chingwe chinali m'thumba, koma ndinali ndi changu. A shehe anangoti, "A Saidi, nazonso izi zalowa chipani?"

Choncho diso lotopa usalikhulupirire. Anzako adzakhala pamabuku mpaka maso kufiira, n'kumanyadira kuti sanagone. Iwe uzigona. Ndaona kambirimbiri kuti chinthu chimene chandikanika madzulo, m'mawa ndimachiona msanga ngati wina wandikonzera ndili mtulo. Ukayang'ana zithunzi nthawi yaitali, tuluka panja, yang'ana mtengo wakutali, imwa madzi, bwerera. Sikuti ndi ulesi. Ndi kusamala chida.

Cholakwa chomaliza sindinauzepo munthu, ngakhale amayi ako. M'masiku a chipani chimodzi, ofesi iliyonse ndi sitolo iliyonse inkapachika chithunzi chija cha mtsogoleri wa dziko pamwamba pa khoma. Mu ofesi ina, momwe ankandiitana kawirikawiri kukalemba maina pazitseko, chithunzicho chinali chopendekeka. Ndinachiona tsiku loyamba lomwe. Kalaliki wa mmenemo, munthu wamantha ngati ine, anandifunsa motsitsa mawu, "A Fundi, inu muli ndi diso, chili bwino chimenechi?" Ndinaganiza zambiri. Ndikati chapendekeka, wina adzafunsa kuti anapachika ndani, ndipo wina adzafunsa kuti ine ndimatanthauza chiyani. Masiku amenewo anthu ankasowa pa nkhani zochepa kuposa imeneyo. Ndinayankha kuti chili bwino kwambiri. Sindikudziimba mlandu waukulu, ndinali ndi ana aang'ono. Chimene chimandivutitsa ndi china. Zinthu zitasintha anachitsitsa, ndipo pakhoma panatsala chizindikiro choyera cha makona anayi, chopendekeka moonekeratu. Ndinadzidzimuka, chifukwa zaka zonse zapakatizo ndinali nditasiya kuona kupendekako. Ndinkalowa, ndinkayang'ana, chinkaoneka chowongoka. Pakamwa panga pananama kamodzi, diso n'kutsatira.

Iwe ukupita kukagwira ntchito m'nthawi ina, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti ndaiona. Koma mantha sanathe ndi chisankho. Padzakhala dokotala wamkulu, wotopa, wofulumira, amene adzayang'ana chithunzi n'kunena kuti palibe kanthu, pamene iwe ukuona kamzere. Udzanene. Mwaulemu, manja kumbuyo, "Adokotala, mwina ndikulakwa, koma tayang'ananinso apa." Ukakhala kuti walakwa adzakuonetsa, udzaphunzira. Ukakhala kuti wakhoza, mayi wina wa ku Mwadzama sadzabwerera kumunda ndi fupa long'aluka. Koma ukazolowera kukhala chete, sipadzatha zaka zambiri, udzasiya n'kuona komwe.

Zina zonse amayi ako akuuza kale kangapo, ine ndingowonjeza pang'ono. Swala usasiye, ngakhale anzako a m'chipinda akhale a mpingo wina. Uwauze tsiku loyamba nthawi zimene umapemphera, anthu amalemekeza chimene wawauza poyera. Ku Lilongwe kumazizira kuposa kuno, juzi ija usaichitire manyazi. Mpunga umene takupakirawo ugawireko anzako, ukaumira udzafumbwa. Mikangano ya zipani uziimvera, ndi yokoma masiku ano pamene aliyense watsegula pakamwa, koma uzifunsa wolankhulayo kuti zimenezo waziona kapena wazimva. Za anyamata sindinenapo kanthu. Uli ndi nzeru, ndipo amayi ako anenapo zokwanira anthu atatu.

Ndatsala ndi chinthu chimodzi, ndipo ndikupempha undikhululukire chifukwa ndinakutchera msampha. Lolemba lapitali, amayi ako atandiuza nkhani yako, ndinali ndikulemba chikwangwani cha telala wa kumsika. Mzere wofiira wam'munsi ndinautsitsa dala mbali ya kumanja, pang'ono kwambiri, timitengo tiwiri ta machesi pa thabwa lotalika ngati chitseko. Ndinachiimika pakhonde pano n'kukhala pansi ngati ndikutsuka mabulashi. Yusufu anadutsa, anati chakongola. Amayi ako anadutsa kawiri, ndipo ukuwadziwa kuti akanaona sakanandisiya. Mwini wake anabwera, anachiyang'anitsitsa, anafuna kuchinyamula tsiku lomwelo. Aphunzitsi awiri anaima kundipatsa moni, anawerenga mawu onse, anapita. Kenako unatulukira iwe kuchokera kuchigayo, beseni la mpunga lili pamutu. Sunaime n'komwe. Unangoponya diso uku ukuyenda, n'kunena kuti, "Ababa, mzere wam'munsiwo watsika kumanja," n'kulowa m'nyumba.

Anthu asanu ndi mmodzi anayang'ana thabwa limenelo, anaona ndi mmodzi. Usaganize kuti ndi magazi, Yusufu ndi magazi anga omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankathawira kumpira, pamene iwe kuyambira Sitandade 4 mpaka Fomu 2 unkandigwirira chingwe cha choko Loweruka lililonse, ukudandaula kuti dzuwa likuotcha, ine n'kumakufunsa kuti kwezani kapena tsitsani tisanayeze. Unkaganiza kuti ukungothandiza bambo ako. Diso lako linkaphunzira iwe osadziwa, ndipo linatenga zaka zisanu ndi ziwiri. La mafupa walipatsa mphindi ziwiri pazenera la chipatala.

Sindikukupempha kuti undikhulupirire chifukwa ndine bambo ako. Ndakupatsa umboni, uuyeze wekha. Chimene ndikupempha ndi chaka chimodzi chathunthu, ukuyang'ana zithunzi tsiku lililonse, ukunena kaye, ukuyeza pambuyo. Chaka chikadzatha utsi uli chikhalire, udzabwere, ndidzakuperekeza ndekha ku Dwangwa ndipo sindidzakufunsa kanthu. Koma sindikuyembekeza kuyenda ulendo umenewo, ndipo mtima wanga uli m'malo.

Pa tchuthi choyamba ubwere, tidzapha nkhuku. Ubwere ndi kachikwama kakang'ono. Bulangeti, ndowa ndi mabuku uzisiye komweko, pabedi lako.

Mulungu akutsogolere, akusunge, akubweze ndi mtendere.

Ndine bambo ako,
Saidi